Nsupa ya Nazimbiri Pansi pa Mphero

Kalekale, m'mudzi mwathu mommuno munali munthu wina, dzina lake Nazimbiri, agogo awo a agogo anu. Anali mayi waphuma zedi. Akateleka mphika ankafuna upse asanatembenuke.

Nazimbiri ankachapa zovala kwa Bibi Mwanaisha, mkazi wa wamalonda wochokera kunyanja yamchere. Bibiyo akadutsa, fungo lake linkatsala panjira ngati mwini wake akadali pomwepo. Mwamuna wake atamwalira, pobwerera kwawo anasiyira Nazimbiri kamtokoma: kachidutswa ka mtengo wakuda wotchedwa udi, timaulusi tofiira totchedwa zafarani, ndi maluwa a rozi ouma. Anamuuza kuti asinje, athire m'mafuta a chitowe, kenaka azisiye zigone. Zoti zigonezo zinangodutsa m'khutu.

Patapita nthawi mwana wa Nazimbiri, Patuma, anafunsiridwa ndi mnyamata wina, Kasimu. Azakhali a mnyamatayo, a Nachuma, atabwera kudzaona mbeta anakwinya mphuno. Analoza Patuma ndi chala, pagulu, n'kunena kuti mwana wa wochapa akununkha utsi ndi phulusa. Patuma anathawira kuseri kwa nyumba akulira. Nazimbiri analumbira mumtima kuti tsiku la ukwati mwana wake adzatuluka ndi fungo limene mudzi uno sunalimvepo.

Ndiye mukuganiza anatani? Anagawa kamtokoma kaja pawiri. Theka anathira mumphika, kusonkha moto waukulu, n'kumatakasa ngati akutendera ndiwo. Si paja kwathu kuno chilichonse timachidziwa kuti chapsa chikabwata? Maluwa anapserera, zafarani anada bii, nyumba yonse n'kununkha ngati chikopa chowauka.

Anakhala pansi, theka lotsala lili m'manja. Kokazipeza kwina kunalibe, ndipo Bibi uja anali atapita kalekale. Apo m'pamene mawu aja anabwerera: zigone.

Anasinja pang'onopang'ono, kuthira m'nsupa ya mafuta ozizira, kumata pakamwa pake ndi phula. Koma manja ake ankawadziwa kuyabwa kwake. Anakumba dzenje m'nyumba, kukwirira nsupa, kuzira pamwamba, n'kuitana alongo ake kuti agubuduzirepo mphero. Mvula inali itangoyamba. Ananena kuti mwalawo sudzasuntha mpaka chimanga chitalowa m'nkhokwe.

Chimanga chisanamasule n'komwe, ankhoswe a kuchimuna anafika, akuti ukwati uchitike msanga. Nazimbiri anakana. Anabweranso pa nthawi ya dowe, anakananso. A Nachuma anatumiza mawu akuti mbeta si imodzi padziko, ndipo Kasimu anasiya kuoneka pakhomo.

"Amayi, fukulani basi," anatero Patuma. "Mukufuna ndikalambire pakhomo pano chifukwa cha nsupa?"

"Ndinapsereza kamodzi, mwanawe. Kachiwiri ayi. Ngati dzinja limodzi lamukanika kudikira, iwe adzakupirira bwanji ukadzadwala?"

Anayankha molimba, inde, koma mukuyesa mtima unali m'malo? Akamapera mapira ankaweramira pansi n'kununkhiza. Dothi lokhalokha. Nanga ngati nsupa yang'aluka? Nanga ngati chiswe chalowa? Nanga ngati wataya ukwati wa mwana chifukwa cha mafuta owola? Tsiku lina analowa nalo khasu m'nyumba, kuima pamphero, kulikweza. Kenaka anatuluka nalo liwiro mpaka kumunda, n'kukapalira mpaka mikono itakana.

Anadikira. Mayi wosadikira uja anadikira.

Tsiku loyamba kukolola, atafika kumunda anapeza munthu wayamba kale kusanja mikukwe. Anali Kasimu, wabwera yekha, osatsanzika azakhali. Anangogwira ntchito mpaka nkhokwe itadzaza.

Mphero inasuntha m'mawa wa tsiku la ukwati. Nazimbiri anafukula ndi zala, n'kuswa phula. Mafuta anali atasanduka ofiirira ngati uchi. Poyamba linatuluka fungo la rozi. Pambuyo pake kunabwera kafungo kofunda ka zafarani. Pomaliza, pansi penipeni, panadzuka udi, wolemera, wosachoka pansalu. Anapaka Patuma pakhosi ndi m'mikono, ndipo atatuluka naye, amayi oimba anaiwala nyimbo.

A Nachuma anazungulirazungulira, mphuno m'mwamba, mpaka anafika pakhomo.

"Asewere, kadontho kokha."

"Bweretsani chala chija munalozera mwana wanga."

Anachitambasula, anthu akuona. Nazimbiri anadonthezapo kamodzi. Tsiku lonse a Nachuma anayenda chala chili pamphuno, ndipo cholozera munthu analibenso.

N'chifukwa chake mbumba yathu mpaka lero, mtsikana akatomeredwa timakwirira nsupa, ngakhale ya mafuta wamba, ndipo ukwati sumangidwa isanafukulidwe. Anyamata ena amatopa n'kupita. Apite bwino. Ife timaphikira amene wafika ndi dengu tsiku lokolola.