Dzanja la Kalipentala pa Bulangete

Panali munthu wina, kalipentala, amene ankakhoma mabokosi a maliro m'mbali mwa msewu wopita kumsika. Musakwinye nkhope. Ntchitoyo ndi ntchito ngati zina zonse, ndipo zikatigwera timathamangira kwa anthu omwewa. Vuto la munthuyu linali malo. Kashedi kake kanali kakang'ono, moti mabokosi akadzaza m'kati, matabwa ankagona panja. Mvula inkawanyowetsa, dzuwa n'kuwapinda, iye n'kumangodandaula.

Kalipentalayu anali ndi mnzake wa kuubwana, wogulitsa ndowa, mabeseni ndi maambulera pamsika. Mnzakeyo anali wamtali modabwitsa. Anthu anamutcha Mlongoti, ndipo dzina lake lenileni linaiwalika. Polowa m'nyumba iliyonse ankawerama, ndipo m'minibasi mawondo ankamufika kuchibwano. Awiriwa anakulira limodzi. Imvi zinabwera, ana anakula, koma iwo ankaitanabe kuti "iwe" ngati anyamata. Akakumana ankagwirana chanza n'kugwedezana mpaka mapewa kuwawa, kenako n'kukhala pansi kusewera bawo.

Kuseri kwa msikawo kunali malo otchingidwa ndi mpanda wa njerwa, m'mene mwini wake anandandalika makontena achitsulo. Ochita malonda ang'onoang'ono ankachita lendi, aliyense kontena yake, n'kukhomapo loko. Wa kaunjika ankasungamo mabelo, wa golosale makatoni a sopo amene sakanakwana m'kashopu kake. Pageti pankakhala mlonda, koma za m'kati sankafunsa. Wokhala ndi kiyi ndiye ankadziwa zimene wasunga. Mlongoti nayenso anali ndi kontena yake kumeneko, m'mene maambulera ankadikira nyengo ya mvula.

Chaka china, chilimwe chitangoyamba, Mlongoti anadwala. Poyamba ankati ndi kutopa chabe. Kenako anasiya kubwera pamsika. Kalipentala atapita kukamuzonda, Mlongoti anapisa dzanja pansi pa pilo n'kutulutsa kiyi womangidwa pakachingwe.

"Iwe, tenga uyu," anatero. "Ine sindikupikula katundu panopa, kontena ija theka lonse ndi mphepo yokhayokha. Kaike matabwa ako aja asathe n'dzuwa. Lendi ndalipira kale."

Kalipentala anathokoza, n'kuvala kachingweko m'khosi. Tsiku lomwelo anatuta matabwa ake n'kukawasanja m'kontena ya mnzake, kutsogolo kwa maambulera.

Matenda anakula. Mlongoti anagonekedwa kuchipatala, ndipo patapita nthawi anamutulutsa asanachire. Anthu anayamba kulankhula motsitsa mawu akamatchula dzina lake. Kalipentala anali ataona odwala ambiri pantchito yake, ndipo mumtima anagamula yekha kuti mnzakeyu sadzukanso. Chisoni anali nacho, zimenezo tisamunamizire. Koma pambali pa chisonicho panamera ganizo lina. Munthu wamtali chonchi sangalowe m'bokosi lililonse la m'misewu muno. Pafunika matabwa aatali, osowa, ndiponso nthawi. Tsikulo likafika mwadzidzidzi, abale adzathamangira kwa akalipentala ena akuluakulu a m'tauni, ndipo anthu adzati, "Mnzake weniweni analipo, koma bokosi anakagula kwina."

"Chakudza sichiimba ng'oma," anadziuza. "Ndikuchitira mnzanga, kuti asadzagone pamphasa kudikira misomali."

Mwaona mmene mtima umadziwira kuvala jekete la Lamlungu? Kwathu kuno, kukhomera bokosi munthu akupuma ndi kumuitanira imfa, ndipo kalipentala ankadziwa zimenezi kuposa tonsefe.

Lamlungu lina akumpingo anapita kukapemphera ndi wodwalayo, ndipo kalipentala anapita nawo. Mlongoti anali gone pabedi, atafunda bulangete, mapazi atatulukira kunja chifukwa bedi linali lalifupi. Mkulu wa mpingo anati, "Tiyeni titsinzine, tipemphere." Onse anatsinzina. Kalipentala anali atagwada m'mbali mwa bedilo. Tepi yoyezera anali ataisiya dala kuntchito, poti munthu sungatulutse tepi pamaso pa wodwala. Koma mmisiri amayenda ndi muyeso m'dzanja. Anatambasula chala chachikulu ndi chapakati, n'kuyamba kuyendetsa dzanja pabulangete pang'onopang'ono, kuchokera kuchidendene, kudutsa bondo, nthiti, mpaka paphewa. Pamene anthu ankati "Ameni," iye anali atamaliza kuwerenga.

Anagula matabwa aatali a mkungudza n'kukawalowetsa m'kontena muja. Mlonda anangomukweza dzanja, poti anazolowera kumuona ndi matabwa. Kushedi kwake sakanakhomerako, chifukwa aliyense wodutsa akanangoona kutalika kwake n'kudziwa mwini wake. Choncho ankalowa m'kontena, n'kubweza chitseko, n'kumapala ndi kukhoma thukuta lili kamukamu. Bokosilo linatuluka lokongola kuposa onse amene anakhomapo. Analipaka vanishi, analiika zogwirira zonyezimira, analikankhira kumapeto pafupi ndi maambulera n'kulifunditsa lona. Atatseka loko, mtima unakhala pansi. Chimene maso a anthu sakuchiona, iye ankachiyesa kuti kulibe.

Koma Mlongoti sanamwalire. Anayamba kupempha phala. Kenako anakhala tsonga, kenako anatuluka kukaothera dzuwa pakhonde. Ndipo aliyense wobwera kudzamuona ankamuuza nkhani imodzi.

"Tsiku lija la mapemphero, ine ndinali nditapita," ankatero. "Ndiye ndinamva dzanja likuyenda pathupi langa, kuchokera kuphazi mpaka paphewa, mofatsa ngati la mayi. Nditasuzumira ndinaona kuti ndi la mnzanga uja. Ena onse ankapemphera ndi pakamwa, iye ankapemphera ndi dzanja. Ndinalira chamumtima, ndinati, ngati pali munthu wondikonda chonchi, sindifa."

Nkhaniyo inafika pamsika. Anthu amene kale ankadutsa pashedi ya mabokosi atayang'ana kumbali anayamba kuima n'kupereka moni. Nangozo, mkazi wa Mlongoti, anabwera ndi tambala atamumanga miyendo, n'kugwada pakhomo pa shediyo.

"Alamu, tilibe mawu," anatero. "Landirani kankhuku aka. Dzanja lanulo Mulungu alidalitse."

Apa ndiye panali pomasukira. Akanangoti, "Alamu, dzukani, ndili ndi mawu." Manyazi anamugwira mpaka makutu kutentha, koma pakamwa panatuluka "Zikomo, alamu." Ndipo tambalayo anamudya.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sanapite kukaliphwasula bokosilo. Ankaganiza zotero m'mawa uliwonse. Kulitulutsa lathunthu sakanatha, chifukwa zimene zinalowa pageti ngati matabwa zikanatuluka ngati bokosi, mlonda ndi msika wonse akuona. Kuliphwasula kunkamuwawa, poganiza za mkungudza uja ndi vanishi uja. Ndipo pansi penipeni pa mtima panali kamawu kena konyansa, kamene ankachita nako manyazi ngakhale ali yekha: nanga matendawa akabwerera? Choncho ankati mawa, mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsiku lina masana mitambo inada kum'mawa, mphepo ya mvula yoyamba n'kuyamba kuulutsa mapepala pamsika. Kalipentala atakweza maso anaona mthunzi wautali pakhomo pa shedi. Anali Mlongoti, wowonda, atatsamira ndodo, koma akuseka mano onse panja. Anamugwira chanza n'kumugwedeza ngati kale.

"Iwe, ukuiona mitamboyo? Ndalama zimenezo! Tiye ukanditsekulire, nditenge maambulera anga."

"Kiyi uja... ndamuiwala kunyumba," anatero kalipentala.

Mlongoti anaseka mpaka kutsokomola. "Ukalamba iwe! Nanga chili m'khosi mwakochi n'chiyani, chithumwa?"

Ananyamuka limodzi. Njira yake inali yaifupi, koma kalipentala ankangotsalira m'mbuyo. Mlongoti ankaima paliponse kulandira moni, n'kumaloza mnzake, "Dokotala wanga ndi uyu!" Mlonda anawatsekulira geti mosangalala. Loko anatseguka, chitseko chachitsulo chinalira.

"Iwe khala panja, m'kati muno mukutentha," anatero kalipentala. "Ndikutengera ndine."

"Ndagona mokwanira, ndisiye ndigwireko ntchito."

Mlongoti anawerama n'kulowa. Anadutsa matabwa, nafika kumapeto. Lona uja anali atatchinga makatoni a maambulera, ndiye anangomugwira pakona n'kukoka.

Bokosi lija linaonekera poyera. Kunja madontho oyamba anayamba kugunda padenga.

"Ndi oda ya munthu wina," anatero kalipentala.

Mlongoti analiyang'ana bokosilo kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. "Munthu wina wotalika ngati ine, m'dera lino? Ndikanakonda kumudziwa."

Kenako Mlongoti anatsamiritsa ndodo yake kukhoma, anatambasula chala chachikulu ndi chapakati, n'kuyamba kuyendetsa dzanja lake pachivundikiro cha bokosilo, pang'onopang'ono, kuchokera kumiyendo kupita kumutu. Atafika pamapewa anaima. Misozi inatsika, koma sanakweze mawu.

Kalipentala analakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo. Anagwada pachitsulo chotenthacho. Anafuna kunena kuti ankachitira chikondi, koma mawuwo anawasiya, chifukwa tsopano iye mwini sankawakhulupirira.

"Bokosi si kanthu," anatero Mlongoti. "Tonse tidzalowamo. Koma ine ndinadzuka chifukwa cha dzanja lija. Ndauza mpingo wonse. Ndauza ana anga." Anapukuta kumaso, n'kutambasula chikhatho. "Bambo kalipentala, bweretsani kiyi wanga. Katundu wanu mutulutse lero."

Mawu akuti "bambo" ndi "wanu" anamulasa kuposa mbama. Chibadwire, mnzakeyo anali asanamupatsepo ulemu wotero.

Anavula kachingwe m'khosi n'kupereka. Kenako anatenga hamala n'kuliphwanya bokosilo pomwepo, osasamalanso za mkungudza kapena vanishi. Ntchito imene anaizengereza nyengo yonse inatha mvula isanakate. Anatuta zidutswazo pamutu, akuvumbwa, kudutsa pakati pa anthu amene anabisala m'makonde. Palibe anamufunsa kanthu, ndipo Mlongoti sanauze munthu aliyense, ngakhale mkazi wake. Anthu anapitiriza kumulemekeza kalipentala ngati munthu wa dzanja lodala, ndipo ulemu umenewo unkamuotcha tsiku ndi tsiku.

Awiriwa akukumanabe mpaka lero, poti msika ndi umodzi. Mlongoti sanasunge chidani. Amaima, amavula chipewa, n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, bambo?" Koma kalipentala akatambasula dzanja, Mlongoti amangogwira manja ake awiri pachifuwa n'kuwerama pang'ono.

Tsono inu amene mwakhala panonu, ambiri muli ndi makiyi m'matumba. Kontena ilibe mlandu, imathandiza, ndipo amene malo akumuchepera achite lendi ndithu. Koma kalipentala uja sanaikemo bokosi chifukwa chosowa malo. Analiikamo chifukwa chosowa nkhope yoti aonekere nalo pagulu. Loko anabisa bokosi kwa anthu, n'kumubisiranso iye mwini kuipa kwa zimene anachita. Musanatseke chitseko chilichonse, cha chitsulo kapena cha mumtima, dzifunseni kuti: amene anandikhulupirira uja atabwera lero n'kunena kuti "tiye ukanditsekulire," kodi ndinyamuka, kapena ndiyamba kunama kuti kiyi ndaiwala kunyumba? Ngati yankho likukutenthetsani makutu, pitani mukaphwasule lero, mnzanuyo akadali kukuitanani kuti "iwe."