Denga la Njiri ndi Kabudula wa Nyani

Njiri ndi Nyani ankakhala moyandikana m'mphepete mwa bwalo la ndege la ku Kamtsetse, ndipo mkangano wawo unali pa thumba. Linali thumba lalitali lofiira, lobooka mbali zonse ziwiri, lopachikidwa pamlongoti. Njiri ankati thumbalo ndilo limauza woyendetsa ndege kumene mphepo ikuchokera asanatere. Nyani ankati imeneyo ndi nsalu yabwino yongothera padzuwa.

Bwalolo linali laling'ono, koma linali ndi mbiri yake. Analisalaza ndi a Njovu kalekale, chaka chimene madzi anakokolola mlatho, ndipo anapondaponda dothi mpaka linalimba gwa. Panali kanyumba kodikiriramo, sikelo yoyezera katundu, migolo ya mafuta, ndi wailesi imene inkafika ku ofesi ya kutauni kokha, osati m'ndege. Ndege yake inali imodzi, yoyendetsedwa ndi Gwape, yobweretsa makalata ndi mankhwala, pobwerera n'kunyamula odwala.

Wosamalira zonsezi anali Njiri. Kunena zoona, nkhope yake sinali yoti n'kuiyang'ana kawiri, koma ntchito yake inali yokoma m'maso. Tsiku lonse ankakhala chogwada, kumweta udzu ndi kukwirira maenje a mfuko. Nyani ankamuseka ali khale pachulu, amvekere mnzakeyo walowa mpingo wopembedza udzu.

Itafika nyengo ya chiperoni, kuzizira kunalowa m'mafupa. Nyani anadikira kuti Njiri apite kumathero a bwalo, nakwera mlongoti uja, natsitsa thumba. Analidula n'kusoka kabudula, ndipo m'mawa mwake anatuluka naye monyang'wa.

"Achimwene, mwavala maso a ndegetu apa," anatero Njiri.

"Ndege ili ndi maso ake," anayankha Nyani. "Ine ndili ndi matako anga, ndipo akuzizidwa."

Njiri zinamupweteka mumtima, koma sanali wamikangano. Anapempha thumba lina pawailesi, ndipo anamuuza kuti adikire.

Tsoka silinunkha. Thumba latsopano lisanabwere, mwana wa Nyani analumidwa ndi mphiri akutola nkhuni, mwendo n'kutupa mpaka m'chiuno. Chipatala chinali kuseri kwa phiri, msewu uli matope okhaokha. Njiri anathamangira kuwailesi, ndipo dzuwa lisanapendeke ndege inamveka.

Koma sinatere. Inazungulira, inazunguliranso, ndipo Njiri anadziwa chifukwa chake. Mphepo ya tsikulo inkasinthasintha, ndipo ndege yotera mphepo ili kumbuyo ikanapitirira bwalo n'kukagwera kuchigwembe. Gwape akanapitiriza kuzungulira, mafuta akanamukakamiza kubwerera, mwana n'kutsala.

Nyani anavula kabudula uja n'kumamukupiza m'mwamba misozi ili chuchuchu, koma kansalu konyowako kanangoti lende. Njiri anaganiza za utsi. Anayang'ana uku ndi uku: udzu wonse unali utanyowa ndi mvula yowaza, ndipo wa pabwalo anali ataumweta yekha. Udzu wouma unali malo amodzi okha, kunsi kwa denga la nyumba yake.

Sanaganize kawiri. Analowetsa minyanga m'denga n'kulisasula, naunjika udzuwo m'mbali mwa bwalo, nayatsa. Moto utayamba kufooka anabwereranso, natenga wotsala pamodzi ndi phaso lomwe.

"Achimwene, nanga mugona pati?" anafunsa Nyani.

"Mwana wa mnzako ndi wako yemwe," anayankha Njiri. "Thamangani, mubweretse masamba aawisi."

Masamba atagwera pamoto, utsi woyera unati tolotolo, kenaka unapendekera kuphiri. Gwape anauona, anatembenuza ndege nayang'anizana ndi mphepo, natera bwinobwino paudzu wa Njiri. Ananyamula mwanayo ndi mayi wake, ndipo ndege inanyamuka moto usanazime.

Mwanayo anachira. Tsiku lobwerako anatsika ndege akutsimphina, ndipo asanapite kwawo anafunsa kumene kuli a Njiri. Anawapeza m'dzenje la m'mbali mwa bwalo, atalowa chafutambuyo kuti maso aziona kumene ndege imatera. Mwanayo anagwada nalira, ndipo bambo wake anaima patali, osatha kudzutsa nkhope.

Thumba latsopano analipachika ndi Nyani yemweyo, ndipo anapempha kuti amangire mnzake nyumba ina. Njiri anati adzamanga udzu wa pabwalo ukadzasiya kumera, ndipo mpaka lero akugonabe m'dzenje. Koma Nyani, utoto wofiira wa kabudula wonyowa uja unamukanirira kumbuyo. Wayesa sopo, wayesa mchenga, ndipo aliyense woyenda pambuyo pake amadziwa chimene anachita.

Phunziro: Chinthu chothandiza anthu onse usachiyese chopanda mwini, pakuti tsiku lochifuna likhoza kugwera iwe. Ndipo amene amagwadira ntchito yake tsiku ndi tsiku tizimulemekeza, chifukwa pa tsoka ndi yemweyo amasasula denga lake.