Chigubu ndi kapaketi ka a Phinias

Pakhonde la a Phinias ku Chinyunyu panali chigubu cha malita anayi, ndipo mwini wake ankachiyang'ana ngati mlendo wofika nthawi ya njala. Kwa miyezi itatu bamboyu ankaona magazi akapita kuchimbudzi, thupi likutha, lamba akungomuboola mabowo atsopano. Achipatala anawalembera tsiku ku Lusaka loti akawaunike m'matumbo ndi kamera yolowera kumbuyo. Anawapatsanso ufa wosungunula m'chigubumo, ndi lamulo lomveka: amwe mankhwala onse dzulo lake, asadye cholimba, matumbo akafike oyera.

Atalawa kapu yoyamba, nkhope inachita makwinya.

"Estina, iyi ni mankhwala olo chilango?"

"Imwani chabe, ba Phinias," anayankha mkazi wawo. "Ba nesi anakamba ati yonse."

Pomwepo anatulukira pa njinga mlamu wawo Cephas, amene anaunikidwapo chaka chatha, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda ngati dokotala wa mudzi wonse.

"Ba mulamu, muzivutitsira chani? Ine ananipasa tumapaketi tonunkhira malalanje. Kapu imodzi, mwasiliza! Kamodzi kanasala, aka."

Chimene Cephas sananene n'chakuti pambuyo pa kapaketi kalikonse anamwa madzi mpaka kutopa, ndiponso kuti achipatala amasankhira munthu mankhwala ataona thupi lake.

A Phinias anali munthu wosagula mbuzi pamsika wa Rufunsa asanaitsegule kukamwa, n'kubwerera kunyumba opanda mbuzi. Anaika chigubu uku, kapaketi uku, mlandu n'kuyamba. Chigubu n'chodalirika koma choipa kukhosi. Kapaketi n'kokoma koma kachepa. Estina anawaonetsa nambala ya nesi pa pepala, iwo anati nkhani za kumbuyo kwa mwamuna sakambira pa foni. Chigamulo chinatuluka dzuwa litapendeka: theka la chigubu kuti achipatala asakwiye, kapaketi kuti mlamu asadandaule. Ndiye poti mankhwala awiri mphamvu zakenso ziwiri, anaona kuti chimanga chokazinga ndi nsawa pang'ono sizingalakwe.

M'mawa m'basi mtima unayamba kuwatsutsa, namwerako makapu awiri a m'chigubu chija. Asanafike ku Chongwe anali ataimitsa basi katatu, akuthamangira kutchire atagwira lamba. Ulendo wachitatu kondakitala anakuwa, "Ba mudala, ngati muli na munda kuno tiuzeni, tikusiyeni mulime!" Basi yonse inafa ndi phwete. A Phinias anapirira manyaziwo monyada, poganiza kuti kutsegula kotereku ndiye umboni woti m'mimba mwayera.

Dokotala, mayi wosachulutsa mawu, sanatenge nthawi. A Phinias atatsitsimuka ku mankhwala ogonetsa, dokotalayo anawaonetsa zithunzi Estina ali pomwepo.

"Bambo, izi ndi nsawa. Awa ndi makoko a chimanga. Zokolola zanu ndaziona zonse, koma chimene chikukutayitsani magazi chabisala kuseri kwake. Munamwa chiyani?"

"Zonse ziwiri, adokotala."

"Munamaliza chiti?"

Bambo wa milandu uja anavomera kuti palibe chimene anamaliza. Mndandanda wa odikira unali wautali, ndipo tsiku lina lowaunikanso linapezeka patapita miyezi itatu. Dokotala anawalembera mankhwala owonjezera magazi, nawauza mosabisa kuti ngati m'matumbomo muli chotupa, sichidzaima kukula podikira iwo.

Pobwerera palibe anaseka. Estina anakhala pawindo misozi ili chuchuchu, atafungatira chigubu chatsopano, chokhala ndi ufa ngati choyamba chija. Anali wokwiya, komanso anali ndi mantha. Njira iliyonse mwa ziwirizo, a Phinias akanaitsata monga achipatala anenera, ikanawafikitsa. Iwo anaima pakati, mvula n'kuwathera pathupi. Paja amati mapanga awiri avumbwitsa.