Mchombo wa Chiwanda

Ku dziko la Mphanjemoto ziwanda zimabadwira m'chulu. Zimatuluka zili zikuluzikulu kale, zanjala, zosadziwa kanthu, ndipo zimakhala ndi moyo mpaka tsiku limene mchira waduka.

Tsiku lina mzamba Nangondo akukumba dothi pachulu, chiwanda chinatulukira.

"Mayi iwe, ndikudya," chinatero.

"Chabwino," anayankha Nangondo, osasiya kukumba. "Mwabadwa liti, bambo?"

"Lero."

"Ndiye nyama ayi. Khanda silituluka m'chikuta mchombo usanagwe. Mukandidya mutupa."

Chiwandacho chinadziyang'ana pamimba. "Mchombo wangawo uli pati?"

"Ndi uwo mukukoka kumbuyowo. Bwererani m'chulu, mudikire ugwe wokha. Umatenga zaka, koma umagwa."

"Njala yanga ingadikire zaka? Si ndiwe mzamba iwe? Dula!"

"Mwambo sulola, bambo."

"Ndati dula!"

"Mwanena nokha," anatero Nangondo. Anauyala bwinobwino mchirawo pamwala, n'kutsitsa khasu.

Chiwanda chija chinangoti "Tsopano ndi…" n'kusanduka phulusa.

Nangondo anawolera phulusalo m'dengu kuti akathire m'dimba.

"Ana a masiku ano," anatero, "kuwauza kuti adikire, samva."