Khosi Losalala la Mayi a Lenia

A Ida Makina a ku Nkhulambe anakhala ndi chithokomiro zaka zisanu ndi ziwiri, akuchibisa ndi mpango. Mwana wawo Lenia atatchula tsiku la ukwati, iwo analumbira kuti pa zithunzi za tsikulo khosi lawo lidzakhala lopanda chotupa, lopandanso chipsera.

Kuchipatala ku Blantyre dokotala anawayalira njira ziwiri. "Tingathe kucheka pakhosi pomwepo, koma chipsera chidzaoneka. Apo ayi tiboole kukhwapa, tilowetse kamera ndi zipangizo pansi pa khungu mpaka kukhosi. Kunja kabala kamachepa, koma m'kati timakumba ngati mfuko. Chifuwa ndi phewa zidzawawa, ndipo mkonowo usagwire ntchito yolemetsa mwezi wathunthu."

A Ida anangotolapo mawu akuti kabala kamachepa. Enawo anapita ndi mphepo.

Atachitidwa opaleshoni ya kukhwapayo n'kubwerera kumudzi, ankakweza mkono pagalasi n'kuseka. "Ngati ndakandwa ndi minga basi!" Chifuwa chikamakoka, ankanamizira mphepo ya m'phiri.

Kutatsala sabata kuti ukwati uchitike, anayala nandolo pabwalo n'kutola ndodo yopunthira. Amuna awo, a Thomson, anaima pakhomo.

"Mayi a Lenia, siyani ndodoyo. Adokotala anati mwezi."

"Adokotalawo ndi amene adzadyetse alendo anu? Bala lake lili kuti? Lipezeni."

"Ine sindinalowemo m'katimo. Analowamo ndi amene analetsa."

A Ida anapuntha tsiku loyamba, napunthanso lachiwiri akuluma mlomo. Lachitatu kunacha chifuwa chitatupa kuchokera kukhwapa mpaka m'khosi, mkono osatheka kuusuntha. A Thomson anawakweza panjinga, nakankha mpaka pamsewu. Kuchipatala anapeza kuti njira yonse ya mfuko ija yadzaza magazi. Anawaika kapaipi kotulutsira magaziwo n'kuwagoneka.

Ukwati unachitika. Pampando wa mayi wa mkwatibwi panakhala Bertha, mng'ono wa a Ida.

M'mawa mwake a Thomson anabwera ndi zithunzi pafoni. A Ida anaziona zonse, kenako anayambiranso. Amuna awo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Komatu khosi lokha lasalala."

"Waliona ndani?"

"Ine."

A Ida anafuna kuseka, chifuwa chinakana. Anali atayeza bala ndi maso, osadziwa kuti lalikulu linali kumene diso silifika. Paja chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.