Mango a Zumana

Mudzi unayamba ndi nkhwangwa ya Fankele Jara. Iye ndiye anagwetsa tchire, nakumba chitsime, ndipo odutsa ankangoti kwa Fankele.

Chaka cha chilala kunafika mlendo, Zumana, mwana kumsana, mphatso ya mtedza wa kola m'manja, kudzapempha pokhala. Fankele anamubwereka munda wa m'mbali mwa njira. Mwambo unali wodziwika: wobwereka alime mapira, alime mtedza, koma mtengo asadzale, pakuti wodzala mtengo ndiye mwini nthaka.

Mvula itagwa, Sitani, mkazi wa Fankele, anaona timbande ta mango m'munda muja.

"Bambo a Moriba, kazuleni lero lomwe," anatero.

"Iwenso! Munthu wangosowa zipatso za kwawo. Tizomera totere tingalande dziko?"

"Tizomera timakula."

"Kasinje mapira uko. Za nthaka uzisiyire amuna."

Sitani anakasinja mapirawo, koma nkhaniyi inamuwawa moyo wake wonse.

Mango anakula. Msewu utabwera, malole anayamba kuima pamthunzipo, amayi nayala malonda awo. Wokwera aliyense ankati, "Nditsitseni pa Zumana." Kola amene Zumana ankabweretsa chaka ndi chaka pothokoza mwini munda anayamba kuchedwa, kenaka anasiyiratu. Fankele ankangoti mlendo ndi mame. Koma mame amenewa dzuwa linawalephera.

Anthu a boma atabwera kudzalemba midzi, anafunsa oyendetsa malole, nakhoma chikwangwani: Zumanabugu, kwa Zumana. Fankele, ndodo m'manja, anakadandaula.

"Madala, mitengoyi anadzala ndani?" anafunsa mkulu wa olembawo.

"Zumana. Koma nthaka ndi yanga."

"Pamene ankadzala inu munali kuti?"

Sitani, amene anamuperekeza, anayang'ana kumbali, pakuti yankho ankalidziwa.

Fankele atamwalira, mwana wake Moriba anafuna kuika bambo akewo pafupi ndi chitsime chija. Ana a Zumana anati malowo ndi awo tsopano, wofuna manda apemphe mwaulemu. Mtembo sudikira milandu. Sitani yekha anamanga kola pansalu, napatsa mwana wake.

"Pita ukagwade," anatero, maso ali ouma. "Ukati mlendo wina dzina lake Fankele akupempha pogona."

Moriba anakagwada, ndipo ana a Zumana anamupatsa malo, kuseri kwa mango. Akuluakulu sananame: chifundo chidapha nkhwali.