Kachigawo Kamene a Makwinja Anabisa

Panali munthu wina wokonza makompyuta, dzina lake a Makwinja. Mtima unkawapweteka akaona makompyuta akale akutayidwa m'maofesi, pomwe zipatala ndi sukulu za kumudzi zilibe ndi imodzi yomwe. Makompyutawo sanali akufa ayi, anali okalamba chabe, osatha kusenza mapulogalamu olemera a masiku ano. Ndiye a Makwinja anakhala pansi n'kulemba pulogalamu yawoyawo yoyendetsera kompyuta yonse, ija imayamba kudzuka mukangoyatsa, imene popanda iyo kompyuta ndi bokosi basi. Anailemba yopepuka, yoti ngakhale nkhalamba ya kompyuta iyende nayo. Anaitcha Msasa.

Msasawo sanaugulitse. Anauyala pa intaneti kuti aliyense awerenge, akonze, awonjezere. Anthu anabwera, osati chikhamu ayi, mwina makumi awiri: mphunzitsi wa masamu ku Karonga, mkulu wina wopuma pantchito ku Tete, ndi ena otero amene sanaonanepo maso ndi maso. Lamulo lawo linali limodzi, lakuti ntchito ya munthu isalowe mu Msasa anthu ena awiri asanaiwerenge. Analiika lamulolo ndi a Makwinja eni ake, ndipo pa anzawo ankalisunga mwaukali.

Koma panali kachigawo kamodzi kamene palibe anakawerengapo. Ntchito yake inali kusunga zolemba za anthu magetsi akathima mwadzidzidzi. Kameneko a Makwinja anakalemba kale, akadali ophunzira, mothamanga, zigamba zokhazokha, ndipo ankachita nako manyazi. Choncho ankakapereka kali kotseka, kogwira ntchito inde, koma kosawerengeka. Wina akafunsa, ankati akufuna akayeretse kaye. Kuyeretsako kunatha zaka zisanu ndi ziwiri.

M'gululo munali mayi Likongwe, mlembi pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Iwowa anaphunzira okha za mapulogalamu, pa kompyuta yakale imene abwana awo anafuna kuitaya. Anapempha katatu kuti akaone kachigawoko. Kachitatuko a Makwinja anawayankha mwachidule kuti zimenezo n'zozama, iwo azithandiza kaye kumasulira mawu m'Chichewa. Ine ndikafika pamenepa ndimapsa mtima, chifukwa sikunali kuzama kwa ntchito ayi, anali mantha basi. Mayi Likongwe anabwerera kukamasulira mawu.

Tsono kuseri kwa mapiri a ku Ntcheu kunali kachipatala kena kamene kankagwiritsa ntchito Msasa. Namwino wake anali Sisita Nagama. Mu kompyuta yawo munali kaundula wa anthu oposa mazana anayi olandira mankhwala mwezi ndi mwezi, a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a khunyu, aliyense ndi mlingo wake. Timabuku ta odwala ambiri tinali titanyowa ndi madzi osefukira chaka chathacho, ndiye chodalira chinali kompyutayo. Lachitatu lina magetsi anathima Sisita akulemba. Atabwera magetsiwo, kompyuta inayaka bwinobwino, koma kaundula anali mbee, wopanda dzina ndi limodzi lomwe. Tsiku lolandira mankhwala linali Lolemba.

Sisita anaimbira a Makwinja. A Makwinja atangomva za magetsi anadziwa pamene pali vuto, kachigawo kobisika kaja. Sanauze munthu. Lachinayi lonse analimbana nako okha. Lachisanu chimodzimodzi. Ankayatsa kompyuta yawo, kulemba mayina ongopeka, kuzula chingwe cha magetsi, kuyatsanso. Anachita zimenezi kokwana makumi awiri, ndipo kwa iwo dzina silinasowe ndi limodzi lomwe.

Loweruka m'mawa Sisita anaimbanso. Sanakalipe. Anangoti, “Bambo, ine za makompyuta sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu wa khunyu ndikam'patsa mlingo wolakwika, akagwera pamoto. Kodi palibe wina woti akuthandizeni?”

A Makwinja anaika foni pansi. Kenako anatsekula kachigawo kaja, konse, ndi zigamba zake, n'kukayala pamene gulu lonse limaonera. Pamwamba pake analemba kuti, “Nachi chimene ndakhala ndikukubisirani. N'chonyansa, ndipo cholakwika chili momwemu, koma ine sindikuchiona. Anthu akufunika mankhwala Lolemba. Ndithandizeni.”

Mphunzitsi wa ku Karonga anawerenga. Mkulu wa ku Tete anawerenga. Dzuwa linafika paliwombo, palibe anaona kanthu. Mayi Likongwe anaweruka ku ofesi masana, anawerenga nawonso, ndipo sanayambe ndi nzeru zozama. Anapempha nambala ya Sisita n'kuwafunsa funso limodzi: kodi pakona pa kompyutapo pakuoneka deti lanji? Sisita anayang'ana. Kompyuta inkati lero ndi pa 1 Januwale, chaka cha 2009.

Mverani tsono. M'kati mwa kompyuta mumakhala kabatire kakang'ono ngati batani la malaya, kamene kamasunga deti magetsi akathima. Kakafa kameneko, kompyuta imadzuka ikuganiza kuti ili m'chaka chimene inapangidwa. Kachigawo ka a Makwinja kankakhulupirira deti la kompyuta ndi mtima wonse. Kataona kaundula wolembedwa zaka zambiri m'tsogolo mwa 2009, kanaganiza kuti ndi woonongeka, n'kumukankhira pambali. A Makwinja sakanaona zimenezi ngakhale akanazula chingwe mpaka Khirisimasi, popeza wokonza makompyuta kabatire kake sikafa. Koma ka mayi Likongwe kanafa kalekale. M'mawa uliwonse, asanayambe ntchito, ankayamba akonza deti pamanja.

Mayiwo anawatsogolera Sisita pafoni, dinani apa, lembani deti la lero, zimitsani, yatsaninso. Mayina anabwerera onse, mzere ndi mzere, aliyense ndi mlingo wake. Sisita anakhala pa benchi ya odwala n'kuseka okha ngati wamisala. A Makwinja atamva anapumira m'mwamba, ndipo nthawi yomweyo anakumbukira kuti chiyambire Lachinayi sanadye chakudya chenicheni.

Mayi Likongwe analemba mizere inayi ya pulogalamu yoti kachigawoko kasiye kudalira deti. Monga mwa lamulo, anthu awiri anayenera kuiwerenga isanalowe. Mmodzi wa awiriwo anali a Makwinja, ndipo anaiwerenga mofatsa, n'kupepesa kwa mayiwo pamaso pa gulu lonse. Lolemba anthu anafola pakhonde la chipatala, analandira mankhwala awo n'kubwerera kwawo, osadziwa kuti panachitika kanthu.

Nanga kusekedwa kuja a Makwinja anakuopa zaka zisanu ndi ziwiri? Anakudikira sabata yathunthu, sikunabwere. Mkulu wa ku Tete yekha ndiye anawaseleula, kuti ngati zonyansa zake ndi zimenezi, abwere adzaone zimene iye analemba ali mnyamata, sadzagona. Mwezi usanathe, anthu asanu ndi mmodzi anali atakakonza kachigawo konse.

Inu ophunzira anga a makompyuta, musaganize kuti sindikuonani. Ndikamadutsa kumbuyo kwanu mumaphimba sikirini ndi mkono, ena mpaka kuzimitsa, mukuti simunamalize. Simunamalize, inde, ndipo nokha simudzamaliza. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma pantchito yathu ino phulalo amadya ndi ena, amene afola pakhonde la chipatala ndipo dzina lanu salidziwa n'komwe. Chimene chakusowani masiku atatu, mnzanu uja mumam'derera chifukwa kompyuta yake ndi yakutha, mwina amakumana nacho m'mawa uliwonse. Ndiye lero palibe atuluke muno asanatembenuzire kompyuta yake kwa woyandikana naye. Ndipo musamuonetse pokongola. Yambani ndi paja mukuchita napo manyazi.